Buku lakale lanyoza mtundu wa mayi anga: ndilitaye kapena ndipitirize?

Mayi a Thoko, Chilomoni

Abale anga, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Loweruka lapitali ndimakonza m'chipinda cha malemu bambo anga, ndiye m'bokosi lawo lachitsulo ndinapezamo mabuku a nthano amene ankawerenga ali anyamata. Ambiri chiswe chinadya. Limodzi lokha ndi limene linapulumuka, ngakhale kuti chikuto ndi masamba oyamba zinapita.

Madzulo magetsi atazima tinakhala pakhonde, ine ndikumuwerengera Thoko ndi tochi ya foni, mayi anga ali pamphasa akusenda nandolo m'lichero. Chichewa chake n'chokoma zedi, chija chosowa masiku ano, moti Thoko amene sachoka pa TV anangoti phee. Kenako tinafika pamene mnyamata wa m'nthanoyo wapita kukafuna ntchito ku esiteti ya tiyi. Mlembi akufotokoza anthu amene mnyamatayo anawapeza kumeneko. Akuwatchula kuti Anguru, akuti ndi anthu auve, odya njoka, osadziwa mwambo. Ndipo si munthu woipa wa m'nthanomo amene akunena zimenezi ayi, ndi mlembi mwiniwake. Mawuwo anatuluka pakamwa panga ndisanawaone bwino.

Nandolo zinasiya kugwera m'lichero. Mayi anga ndi Alhomwe a ku Thyolo, anabadwira pa esiteti. Sananene kanthu, anangonyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Thoko anandifunsa kuti, "Amami, Anguru ndi ndani?" Ine pakamwa gwa.

Tsopano ndithandizeni maganizo. Bukuli ndilitaye? Ndipitirize koma ndizidumpha malo oterewa? Mchimwene wanga akuti ndisalimbane ndi akufa, inali nthawi yawo. Koma mumtima mwanga mawu amenewo sakukhazikika.

Aphunzitsi Opuma, Zingwangwa

Pepa mwana wanga, ndipo uwapepese mayi ako m'malo mwa tonse. Koma bukulo usataye. Ine ndidaphunzitsa Chichewa mpaka kupuma, ndipo ndikuuza kuti mabuku a nthano olembedwa m'chiyankhulo chathu nthawi ya atsamunda ndi ochepa kwambiri, tikhoza kuwawerenga ndi zala. Tikayamba kutaya lililonse limene lili ndi mawu otiwawa, tidzatsala ndi chiyani?

Mlembi ameneyo adalemba zimene ankamva pamsika, kumpingo ndi kwa makolo ake. Munthu sasankha chaka chobadwira. Ifenso pali zimene tikuyankhula lero mosaona vuto, zimene zidzukulu zathu zidzagwira nazo pakamwa. Kodi tidzafuna kuti adzatiweruze ndi malamulo amene sitidawamvepo? Mchimwene wako sadalakwe kwenikweni. Tsabola wakale sawawa.

Nagama, Ndirande

Agogo, ndi ulemu wonse, tsabola ameneyu wawawa Loweruka lomweli pakhonde la ku Chilomoni. Ngati gogo wazaka zake anyamula lichero n'kulowa m'nyumba, ndiye kuti akuwawabe.

Chikondi, Chichiri

Aphunzitsi, ndiloleni ndifunse mwaulemu: tikamati "inali nthawi yawo", nthawiyo inali ya ndani? Alhomwe amene ankathyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje nawonso anali m'nthawi yomweyo. Iwo ankadziwa kuti dzina limenelo ndi lachipongwe, sanadikire ife kuti tiwauze. M'zaka za m'ma 1940, Lewis Bandawe, amene ankagwira ntchito yomasulira kukhoti lalikulu konkuno ku Blantyre, anatsogolera bungwe la Alhomwe n'kukadandaula ku boma la atsamunda kuti dzinalo lichoke m'makalata a boma, azilemba Alomwe. Ndipo boma linavomera. Tangoganizani, atsamunda enieniwo anamva dandaulo limeneli nthawi imeneyo.

Ndiye muyeso umene tikumuyesera mlembiyo si wa lero wokha. Unalipo kale, anali nawo anthu onyozedwawo. Kungoti amene anali ndi makina osindikizira sankawafunsa.

Abambo a Yamikani, Machinjiri

Mfundo ya Bandawe ndaimva achimwene, ndipo yandiphunzitsa. Koma tisathamange. Bandawe anali munthu wophunzira, wa m'tauni, woyenda m'maofesi. Mphunzitsi wa kumudzi amene ankalemba kanthano kake pa nyali ya koloboyi mwina nkhani imeneyo siinamufike. Kulakwa kulipo, koma kulakwa kwa wosadziwa ndi kwa wodziwa sikufanana. Ngakhale kwa amfumu amasiyanitsa.

Chikondi, Chichiri

Zoona bambo, amasiyanitsa chindapusa, koma sanena kuti mbuzi siinadye chimanga.

Nkhani yathuyi inachitikanso ndi buku la Joseph Conrad lija, Heart of Darkness, limene linatuluka koyamba m'magazini mu 1899. Kwa zaka zambiri m'mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America ankaliphunzitsa ngati buku lozama lonena za mdima wa mumtima wa munthu. Mu 1975 Chinua Achebe, mlembi wa ku Nigeria, anaimirira pa yunivesite ya Massachusetts ku Amherst n'kunena poyera kuti Conrad anali watsankho. Anaonetsa kuti m'buku lonselo anthu akuda ali ngati mitengo ya m'mbali mwa mtsinje: manja, maso, kukuwa, koma opanda mayina. Amapatsidwa mawu omveka kawiri kokha, koyamba akupempha munthu woti amudye, kachiwiri akulengeza kuti Kurtz, mzungu wa m'nthanomo, wafa. Ena mwa amene anamva Achebe tsiku limenelo anakwiya, ndipo pambuyo pake ena ankati akuweruza munthu wakale ndi maso atsopano. Koma Achebe maso ake sanali atsopano, anali a mwana wa anthu amene bukulo linawatseka pakamwa.

Abambo a Yamikani, Machinjiri

Apo ndiye ndilimbana nanu pang'ono. Bukulo ndinaliwerenga kawiri. Conrad anapitadi ku Congo mu 1890, anaona ndi maso ake zimene anthu a mfumu Leopold ya ku Belgium ankachita, ndipo analemba za anthu omangidwa maunyolo m'khosi, ena akufera pansi pa mitengo chifukwa cha ntchito ya kalavulagaga. Nthawi imene azungu ambiri ankaombera m'manja utsamunda, iye anautchula kuti ndi kulanda. Lipoti la Roger Casement, kazembe wa Britain, loulula nkhanza za ku Congo linabwera pambuyo pake, mu 1904. Munthu wotere tingomumata dzina limodzi basi n'kumutaya?

Chikondi, Chichiri

Kumutaya ayi bambo, ngakhale Achebe sananene kuti bukulo liwotchedwe. Koma chaka chomwecho cha 1890 ku Congo kunafikanso George Washington Williams, munthu wakuda wa ku America. Anaona zomwezo, n'kulemba kalata yapoyera kwa Leopold yomuimba milandu, ndipo m'kalatamo anthu a ku Congo ndi anthu, eni dziko olakwiridwa. Chaka chimodzi, mtsinje umodzi, anthu awiri. Ndiye sizoona kuti nthawiyo sikunali kotheka kuona bwino. Conrad anawamvera chisoni, inde, koma munthu umatha kumvera chisoni ng'ombe imene ikumenyedwa pangolo popanda kuiyesa m'bale wako.

Wamabuku wa ku Limbe

Ine sukulu yanga ndi yapamsewu, ndimayala mabuku akaunjika pafupi ndi depoti. Ndinene zimene ndimaona. Mabuku akale a azungu osaka chuma mu Africa, monga King Solomon's Mines ya 1885 ija, sakhalitsa pa katoni yanga. Ogula ake ndi madala, amati zikuwakumbutsa kusekondale. Bambo wina anandiuza kuti ali mwana ankawerenga akuchemerera azunguwo, anadzazindikira atakula kuti anthu amene ankagwa ngati mapira m'nkhondo za m'bukumo amafanana ndi agogo ake. Koma anagulabe, akuti akufuna aone chimene chinamupusitsa.

Chimene sindigwirizana nacho ndi kuchapa mabuku. Mu 2023 kampani ya Puffin ku Britain inatulutsa mabuku a ana a Roald Dahl itasinthamo mawu ambirimbiri, mwini wake atamwalira kale. Anthu anakwiya mpaka kampaniyo inalonjeza kuti isindikizanso akalewo osasintha. Ine ndimati mukachotsa mawu oipawo mwamuchitira mlembi ganyu yaulere, mwamuchapira malaya. Mwana wowerenga adzaganiza kuti agogo amenewa anali oyera mtima. Mayi a Thoko, musadumphe tsamba. Mukadumpha, mwabisa umboni.

Nagama, Ndirande

Achimwene a ku Limbe, kwa munthu wamkulu ndikuvomera. Koma Thoko ndi mwana. Mwana amatola mawu ngati nkhuku, sasankha. Mawa akakangana ndi mnzake kusukulu adzalitulutsa dzinalo.

Malume a ku Soche

Ine nkhani yoti buku ili lisawerengedwe imandiopsa, ndipo ndili ndi chifukwa. Inu ana simunaone. Kuyambira 1968 kuno kunali lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, Censorship Board. Magazini ochokera kunja ankafika masamba ena atadulidwa, zithunzi zina zitapakidwa inki yakuda. Ukapezeka ndi buku loletsedwa unali mlandu. Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu, ndipo buku lake la ndakatulo linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu. Onse amene ankachita zimenezi ankati akuteteza chikhalidwe ndi ana athu. Palibe amene ankati ndikupondereza.

Sindikunena kuti inu ndinu otero. Ndikungoti mpeni umenewu ndinauona ukudula, ndipo sufunsa kuti waugwira ndani. Tsutsani buku, lizazireni, lembani lanu loliyankha. Achebe atanyansidwa ndi mmene mlembi wachizungu Joyce Cary anajambulira munthu wa ku Nigeria m'buku lake, sanapite kukapempha chiletso, analemba Things Fall Apart, imene inatuluka mu 1958, ndipo lero ana athu amadziwa Okonkwo kuposa buku limene linamukwiyitsalo.

Nagama, Ndirande

Malume, kuletsa kwa boma ndi kusankha kwa mayi chimene awerengere mwana wake pakhonde ndi zinthu ziwiri. Palibe amene waitana apolisi pano.

Malume a ku Soche

Wanena zoona mwana wa mlongo wanga, ndavomera. Mantha akale ndi amene amandiyankhulitsa.

Nambewe, Bangwe

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndiyankhuleko. Tikuthamangira azungu, koma buku limene lawawitsa mayi ku Chilomoni analemba ndi Mmalawi mnzathu, m'Chichewa. Pamenepo ndi pamene pali povuta.

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndinakulira pafupi ndi dambwe ndiponso pafupi ndi tchalitchi. Buku la Nthondo la Samuel Ntara ndimalikonda kuchokera pansi pa mtima. Linatuluka mu 1933, linapambana mphoto pampikisano wa mabuku a m'ziyankhulo za mu Africa, ndipo Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934. Mmenemo muli mudzi wa Achewa wamoyo: kubadwa, maliro, milandu, ufumu. Popanda Ntara zambiri tikanangozimva m'mphekesera. Koma Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo nthanoyo imathera pakuti Nthondo watembenuka mtima, walowa Chikhristu. Njira yonse ikulozera kumeneko. Mishoni imeneyo inkadana ndi gule wamkulu, wolowa mpingo ankayenera kusiya. Agogo anga aamuna anali a kudambwe mpaka imfa, ndipo m'mabuku ambiri a nthawi imeneyo munthu ngati iwo ndi wa mumdima, wodikira kuwala. Gule yemweyo mu 2005 bungwe la UNESCO linamulengeza kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi.

Ndiye ndikamawerenga ndimafunsa kuti, makina osindikizira anali a yani? Anali a mishoni ndi a boma. Nthano imene ikanathera pakuti munthu wakana mpingo n'kubwerera kudambwe ali wokondwa, ndani akanaisindikiza? Olemba athu oyamba ankalowera pakhomo lopapatiza, ena ankawerama kuti adutse. Zimenezi zimandichititsa kuwamvera chifundo. Koma chifundocho sichifika ponyoza Alhomwe. Palibe mmishonale amene akanakana buku chifukwa choti mulibe chipongwe cha odya njoka. Chimenecho mlembi anachiika yekha, mwa kufuna kwake.

Aphunzitsi Opuma, Zingwangwa

Nambewe, wandifika pamtima. Kusiyanitsa kumeneko, chimene mlembi adakakamizidwa ndi chimene adaonjezera yekha, sindidakuganizepo chotero.

Mayi a Dalitso, Chirimba

Pepani ndilowererepo ndi yanga. Mwana wanga wachiwiri ndi wachialubino. Nthano zakale zimene zimatchula mwana wotere ndi mayina aja, kapena kunena kuti ndi tsoka pamudzi, kwa ine si mbiri yakale. Mayina omwewo amamukuwira ana pamsewu popita kusukulu. Ndipo tonse tikudziwa zimene zakhala zikuchitika m'dziko muno kuyambira cha m'ma 2014, anthu achialubino kubedwa ndi kuphedwa chifukwa cha zikhulupiriro za zizimba. Ine mpaka lero ndimamuperekeza mpaka pageti, ndipo akachedwa pang'ono mtima umakhala m'mwamba.

Ndiye mukamakambirana ngati n'koyenera kuweruza akale, kumbukirani kuti mawu ena anafa, ena akadali ndi mano. Buku likanena kuti dzuwa limazungulira dziko, mwana aseka n'kupitirira. Likanena kuti mwana wanga si munthu weniweni, pali wina kunja kuno amene akukhulupirirabe, ndipo bukulo lamuwonjezera mphamvu. Mlembi ali m'manda, sindingamutengere kubwalo, ndipo sindikufuna. Amene ndikulimbana naye ndi tsamba limene lili m'manja mwa mwana lero.

Nambewe, Bangwe

Mulungu akusungireni mwanayo, amayi.

Ndi chimodzimodzi ndi mmene nthano zambiri zakale zimatchulira mkazi wosabereka, kapena kuseka mkazi womenyedwa ngati waphunzitsidwa mwambo, kapena mtsikana wongotha msinkhu kumupatsa banja nthano n'kutha mwachimwemwe. Lamulo loti ukwati uziyambira zaka 18 labwera mu 2015, ndipo malamulo aakulu a dziko anakonzedwa mu 2017. Ndi dzulodzuloli. Atsikana amene ankalira popita kubanja ali ana analipo nthawi yonseyo, ena ndi azakhali athu. Nawonso inali nthawi yawo.

Abambo a Yamikani, Machinjiri

Amayi a ku Chirimba, mawu anu andikhazika pansi. Chimene ndikuopabe ine n'chakuti achinyamata ena akangopeza mzere umodzi woipa amatseka buku n'kunena kuti mlembi yense ndi wonyansa, osawerenga n'komwe mpaka kumapeto. Kumeneko si kuweruza, ndi ulesi. Woweruza weniweni amamva mlandu wonse.

Chikondi, Chichiri

Pamenepo tili limodzi bambo. Kuti unene kuti apa mlembi analakwa uyenera kuwerenga mosamala kuposa wongosangalala ndi nthano. Uyenera kuona ngati akuyankhula ndi mlembi kapena munthu wa m'nthano, ngati nthanoyo ikumulanga wonyozayo kapena ikumuombera m'manja, ngati wonyozedwayo wapatsidwa mpata woyankha. Mayi a Thoko anaona kale zimenezo ndi tochi ya foni, anati ndi mlembi mwiniwake.

Aphunzitsi Opuma, Zingwangwa

Ana anga, usiku wathawu sindidagone bwino, ndipo ndiyenera kunena chinthu.

Chaka china ndikuphunzitsa Sitandade 7, ndinkawerengera kalasi nthano ina yokhala ndi dzina lomwelo. Ana adaseka. Mnyamata wina wa pabenchi lakumbuyo, amene makolo ake adachokera ku Mulanje, adaweramitsa mutu n'kumakanda desiki ndi chikhadabo. Ndidamuona. Ndidapitiriza kuwerenga chifukwa belu linali pafupi ndipo ndinkafuna kumaliza mutuwo. Pa nthawi yopuma ndidamva anzake akumuitana dzinalo pabwalo. Sindidatuluke. Ndidadziuza kuti ndi zimene zalembedwa m'buku, si ine ndalemba.

Papita zaka zambiri koma mutu woweramawo ndikuuonabe. Pamene ndimalemba kuti tsabola wakale sawawa, ndikuona tsopano kuti ndimateteza mlembi uja pang'ono, koma kwambiri ndimadziteteza ndekha. Mlandu suwola.

Pa za kusunga bukulo sindinasinthe. Usataye mwana wanga. Ndipo mlembiyo usamuchotsere luso lake, Chichewa chokomacho ndi chake ndithu. Koma mawu oti "inali nthawi yawo" ndawabweza.

Nagama, Ndirande

Zikomo agogo. Si akuluakulu ambiri amene angalembe zimenezi pagulu.

Mayi a Thoko, Chilomoni

Zikomo nonse, ndawerenga uthenga uliwonse, ena kawiri. Aphunzitsi, mwandiliza.

Dzulo ndinalimba mtima. Mayi anali kuseri akutsuka mapoto, ndinakhala pambali pawo n'kuwapepesa. Anapitiriza kukwecha poto kwa kanthawi, kenako anati, "Buku limenelo ndimalidziwa. Bambo ako mabuku onse a m'bokosimo ankandiwerengera tili achinyamata, koma limenelo sanaliwerengepo mokweza m'nyumba muno ngakhale tsiku limodzi." Anandiuzanso chimene sindinamvepo chibadwire: pa chinkhoswe chawo, azakhali a bambo anga ananena dzina lomwelo anthu akumva, akufunsa ngati kwawo kunatha akazi. Bambo anga anaimirira n'kunena kuti amene sakufuna kudya nsima ya mkazi wawo anyamuke. Awiri ananyamukadi.

Ndinawafunsa ngati ndiliwotche. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Akuti ndi buku la amuna awo, lili ndi fungo la m'bokosi lawo. Kenako anamuitana Thoko, anamukhazika pamwendo ngati kamwana, n'kumuyankha funso lake lija okha. Anamuuza za amayi awo amene anawoloka kuchokera ku Mozambique ali kamtsikana, atasenza mtolo, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Anamuuza za thangata, kugwira ntchito pa esiteti kuti usathamangitsidwe pamalo pamene wamanga, za dengu la tiyi kumsana kuyambira mbandakucha mame ali thoo, ndi kapitawo amene sankawaitana ndi mayina awo. Anamuuza kuti dzina limenelo asadzalitchule kwa munthu, ndipo wina akadzamutchula nalo adzayankhe kuti ndine Mlhomwe, mdzukulu wa othyola tiyi. Thoko anafunsa ngati ankadyadi njoka. Agogo ake anati Lamlungu amuphikira kalongonda kuti adziwe chimene ankadya, koma adzuke m'mawa chifukwa amafuna nkhuni zambiri ndi kutaya madzi kangapo.

Usiku tinapitiriza bukulo. Mayi anati ndisadumphe kalikonse, koma akakweza dzanja ndiziima. Anakweza katatu. Kachitatu sikanali ka chipongwe, mlembi anasokoneza nyengo yothyola tiyi ndipo amafuna kumukonza. Tatsala ndi mitu inayi.

Achimwene a ku Limbe, masamba akuyoyoka. Kodi mumadziwa amene angalisoke n'kuliika chikuto?

Wamabuku wa ku Limbe

Bweretsani Lachisanu m'mawa amayi, ndisoka ndekha ndi ulusi wa nsapato. Musiyenso masamba awiri oyera kumapeto, Thoko alembepo zimene agogo ake anena pamalo atatu aja.